Banja Limatha, Mwana Sasudzulidwa

Ana anga, tsiku limene ankhoswe amakhala pansi kuti athetse banja, nthawi yambiri imathera pa katundu. Amayamba ndi nyumba, kenaka malata amene anagulidwa koma sanafoleredwe, njinga, wailesi, mbuzi, matumba a chimanga, mpaka mtondo ndi mbale zimene anthu anapereka tsiku la ukwati. Pamenepo mawu amakwera, wina mpaka kuimirira n'kumaloza mnzake chala. Nkhani ya ana imabwera dzuwa litapendeka, anthu atatopa, ndipo imatha ndi mawu ochepa chabe: "Ana atsala ndi mayi awo, bambo azithandiza." Onse amawomba m'manja n'kubalalika. Nthawi yonseyo anawo amakhala kuseri kwa nkhokwe kapena kwa aneba, atauzidwa kuti akasewere, ndipo palibe amene amawaitana pambuyo pake kuti awafotokozere chimene chachitika. Amangoona okha madzulo kuti nsima ya bambo sinapakulidwe.

Ndakhala pa mabwalo oterewa kwa zaka zambiri, ndipo Mulungu wandisunga mpaka ndaona ana obisidwa kuseri kwa nkhokwe aja akumera ndevu, ena akuyamwitsa. Chimene ndaona n'chakuti kulekana kwenikweniko mwana amatha kukupirira. Chimene amakula nacho mpaka imvi ndi zimene akuluakulu amachita banja litatha kale.

Tisanamizane kuti kutha kwa mabanja ndi matenda achilendo obwera ndi mafoni. Kuno kwathu mabanja akhala akutha kuyambira kalekale. Katswiri wina wa chiwerengero cha anthu, Georges Reniers, anafufuza maukwati a m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, ndipo mu 2003 analemba kuti mwa maukwati 100 aliwonse, pakati pa 40 ndi 65 amatha ndi chisudzulo, malingana ndi dera. Balaka ndiye anali patsogolo, ndipo ziwerengerozi zili m'gulu la zokwera kwambiri mu Africa muno. Anapezanso kuti osudzulidwa ambiri sachedwa kulowa m'banja lina. Ndiye inu amene munakula opanda bambo kapena mayi pakhomo, musamayende chowerama ngati ndinu nokha. Mukalowa m'tchalitchi kapena mumzikiti, mzere umene mwakhalawo muli anzanu.

Makolo athu a chikamwini anali ndi njira yawo yotetezera mwana. Mwamuna anali mlendo pamudzi, ana anali a mbumba ya mayi, ndipo mwini mbumba anali malume. Banja likatha, mkamwini ankanyamula khasu, nkhwangwa ndi bulangete lake n'kubwerera kwawo. Mwana ankatsala m'nyumba yomweyo, kulima munda womwewo, kudya ndi agogo ndi mayi aang'ono omwe aja. Ankataya munthu mmodzi, koma mudzi wonse unkatsala m'manja mwake. Lero malume uja ali m'nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Area 25, ali ndi ana ake asanu ndi malipiro osafika pakati pa mwezi. Mukamutumizira mwana wa mlongo wake amati, "Kodi ameneyu alibe bambo?" Bambo naye akafunsidwa amathawira kumwambo, amati, "Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi." Aliyense amatenga mbali ya mwambo imene ikumumasula, ndipo mwana amagwera pakati.

Kumene kuli lobola, monga ku Mzimba, ku Rumphi ndi ku Nsanje, zimatembenuka. Ana amatsala kwa bambo, mayi ndiye amanyamuka, nthawi zina kusiya mwana amene wangosiya kumene kuyamwa. Ndinachezapo ndi bambo wina wa zaka zopitirira makumi asanu amene ankakumbukira chinthu chimodzi chokha cha mayi ake, mtundu wa chitenje chimene anavala tsiku lochoka. Ankafotokoza chitenjecho ngati wachiona dzulo.

Palinso mabanja amene amatha popanda bwalo. Kale amuna ankapita ndi Wenela kapena Theba n'kusanduka matchona. Lero anyamata a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay amakwera basi ya ku Joni. Miyezi yoyamba ndalama imabwera pa Mukuru, foni imalira Lamlungu lililonse. Kenaka zimayamba kudumphadumpha, mpaka tsiku lina wachibale aona chithunzi pa Facebook, bambo uja atanyamula khanda la mkazi wina ku Cape Town. Mwana wa banja lotere sadziwa n'komwe kuti alire liti, chifukwa palibe tsiku limene anauzidwa kuti zatha. Disembala aliyense amatchera khutu basi ikamadutsa.

Tsopano mvetserani ichi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Pamsika wina m'mbali mwa msewu wa M1 ndinaona mtsikana wa Fomu 2, ali mu yunifolomu, atakhala pakhonde la sitolo ya bambo ake. Anafika m'mawa, m'manja atagwira kapepala ka kusukulu kosonyeza ndalama zimene ankafunika kulipira. Bambo ake anamuona bwinobwino, koma ankangogulitsa misomali ndi simenti ngati pakhondepo palibe munthu. Mkazi wawo watsopano anali pakauntala, akuwerenga ndalama mokweza mawu. Dzuwa litafika pamutu, bambo aja anatuluka ndi botolo la Fanta ndi banzi, n'kumupatsa ya minibasi yokha, amvekere, "Ukawauze mayi ako kuti amene akudya naye panopa ndiye alipire." Mwanayo anagwada polandira, n'kuthokoza.

Taganizirani ulendo wake wobwerera. Ali m'minibasi, mwana wa zaka khumi ndi zisanu akusinkhasinkha ngati mawu amenewa akawafikitse momwe alili kapena awasinthe. Akafika, mayi ake amulonjera ndi funso lakuti, "Wabwera chimanjamanja? Unakangowasekerera eti?" Ndiye amaphunzira kunama mbali zonse ziwiri kuti pakhale mtendere. Kwa mayi amati bambo alonjeza kumapeto a mwezi. Kwa bambo amati mayi akupereka moni. Mtsikana ameneyu anapulumuka, mpingo unamuthandiza, ndipo lero ali pantchito yabwino, ali pabanja ndi mwamuna wofatsa. Koma mwamunayo anabwera kudzadandaula kuti mkazi wake sapempha kanthu, ngakhale ndalama ya mchere. Zikamuthina amakatenga ngongole ku banki m'khonde kapena kwa akatapila mobisa, mwamuna n'kumva anthu atabwera kudzalanda katundu. Titamufunsa, mayiyo anati pakamwa pake sipatseguka kupempha ndalama kwa mwamuna, akangoyesa thupi lonse limanjenjemera. Ankhoswe ena anati ndi kunyada. Ine ndinakumbukira khonde lija.

Inu amene mwalekana, mwana si mthenga wanu. Ngati mukufuna kutukwanana, muli ndi mafoni, muli ndi ankhoswe, kuli khoti. Ndalama ya mwana tumizani pa Mpamba kapena pa Airtel Money, kapena kalipireni nokha kusukulu mutenge lisiti. Musamuchititse mwana kugwadira chinthu chimene ndi chake kale.

Sukulu ndiyo imayamba kuvulala. Mu 2016 Sophia Chae anafalitsa zimene anapeza m'maboma atatu omwe aja, kuti ana a makolo osudzulana amamaliza makalasi ochepa poyerekeza ndi anzawo, ndipo atsikana ndiwo amasiyiratu sukulu kawirikawiri. Ife a kumudzi sitidabwa nazo. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma yunifolomu, makope, nsapato ndi chakudya cha m'mawa si zaulere. Mayi akakwatiwanso, mwana amatumizidwa kwa agogo. Agogo akadwala, amapita kwa mayi aang'ono kukalera khanda. Chaka chimodzi asintha sukulu kawiri, chaka chinacho abwereza kalasi, ndipo pofika Sitandade 8 ndi wamkulu kale kuposa anzake onse. Mtsikana wa kusekondale amene akuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, ufa ukatha ndipo kwawo kulibe womutumizira, pali amuna a njinga zamoto ndi a magolosale amene amadziwa bwino tsiku limene ufawo umatha. Malamulo anakweza zaka zokwatiwira kufika pa 18, mu 2015 ndi mu 2017 pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, koma lamulo siliphika nsima. Ambiri mwa atsikana amene ndawaona akuthamangira banja sankathamangira mwamuna ayi, ankathawa pakhomo pamene ankadziona kuti ndi katundu wolemetsa.

Ndiye pali pakamwa pathu. "Wangotengera bambo ako, ulesi womwewo." "Usadzakhale woyendayenda ngati mayi ako." Mawuwa timawalankhula titakwiya ndi munthu amene palibe, koma amene amawamva ndi mwana. Iye akadziyang'ana pagalasi amaona mphuno ya bambo ake ndi maso a mayi ake, ndipo sangazichotse. Mukamuuza tsiku ndi tsiku kuti bambo ake ndi galu, amadziwerengera yekha kuti iye ndi chiyani. Ena amakula akudana ndi kholo limene linachoka. Koma chenjerani, amayi inu, chifukwa ndaonanso zikutembenuka. Mwana akafika zaka makumi awiri n'kukakumana ndi bambo ake, n'kupeza kuti ndi munthu wamba wokhala ndi zofooka zake, osati chilombo chimene ankauzidwa, amabwerera ndi funso lakuti, "Nanga zina zimene munkandiuza zija, zoona ndi ziti?" Mayi amene anagulitsa mandasi zaka khumi kuti mwanayo aphunzire amapezeka akuimbidwa mlandu. N'zowawa, koma zimachitika.

Za makolo opeza ndinena mwachidule. Tonse timadziwa kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwana wopeza amadziwa ndani amapatsidwa chiwindi nkhuku ikaphedwa, ndani amadzutsidwa mbandakucha kukatunga madzi. Mwana wamkazi akakuuzani kuti bambo omupeza akumuyang'ana moipa kapena akulowa kuchipinda kwake, mukhulupirireni tsiku lomwelo ndipo pitani ku Victim Support kupolisi. Mayi amene amatseka mwana pakamwa pofuna kusunga banja lachiwiri amataya mwanayo moyo wake wonse. Komanso tisaiwale kuti alipo abambo ndi amayi opeza amene alera ana a eni ake mwachikondi choposa cha owabereka. Amenewo sitiwatchula mokwanira.

Nanga mwana uja akakula, zimatha? Anthu a kunja anayesa kutsatira ana otere kwa zaka zambiri. Ku California, m'dziko la America, Judith Wallerstein anayamba mu 1971 kutsatira ana 131 ochokera m'mabanja 60 osudzulana, ndipo anawatsatira kwa zaka 25. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti ana ena amene ankaoneka kuti apirira bwino ali aang'ono, mavuto awo anadzaonekera atakula, pa nthawi yofuna kumanga mabanja awoawo. Ankaopa kusiyidwa, ankaopa kukhulupirira munthu. Anzake anamutsutsa kuti mabanja ake anali ochepa, ndipo anali ndi mfundo. Mavis Hetherington, amene anatsatira mabanja pafupifupi 1,400, anapeza kuti mwa ana 100 a makolo osudzulana, pafupifupi 25 ndiwo amakhala ndi mavuto aakulu a maganizo kapena a khalidwe, poyerekeza ndi 10 mwa ana a mabanja osatha. Muwerenge bwino pamenepo. Chiopsezo chimakwera ndithu, koma atatu mwa anayi alionse amakula n'kukhala anthu abwinobwino. Kumeneko ndi ku America, kumene kulibe malume kapena mbumba monga kwathu kuno, koma mtima wa mwana sumasiyana kwambiri. Nkhaniyi ili ngati munga umene unathyokera m'phazi uli mwana. Umayenda nawo, umalima nawo, umaiwala kuti ulimo, mpaka tsiku loponda pamwala.

Mwala umenewo kawirikawiri ndi ukwati. Wina amangokangana pang'ono ndi mkazi wake za ndiwo, usiku womwewo wayamba kale kulongedza chikwama, chifukwa sanaonepo anthu awiri akukangana madzulo n'kudzuka m'mawa akumwera limodzi tiyi. Kwa iye mkangano uliwonse ndi chiyambi cha mapeto, ndiye amafuna achoke yekha asanachotsedwe. Wina amafufuza foni ya mwamuna wake usiku uliwonse, mwamuna wosalakwa mpaka kutopa. Ofufuza a ku America, monga Paul Amato, anapeza kuti ana a makolo osudzulana nawonso amasudzulana kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo njira yake ndi imeneyi. Koma amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi wa mbali inayo, mkazi amene analumbira ali mwana kuti ana ake sadzaona zimene iye anaona. Ameneyo amamenyedwa mpaka kuthyoka dzino, ankhoswe akamuuza kuti achoke amakana, amati, "Ine ndinakula opanda bambo, ndikudziwa kuwawa kwake." Ana ake amakula akuona magazi a mayi awo pansi, iye akuganiza kuti akuwateteza.

Pali wina amene timamuyamikira molakwika, mwana woyamba kubadwa. Bambo atachoka, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anauzidwa kuti, "Iwe ndiye bambo wa pakhomo pano." Anayamba maganyu, anayamba kumvetsera madandaulo a mayi ake usiku, zinthu zosayenera makutu a mwana. Lero ali ndi zaka makumi anayi, waphunzitsa abale ake onse, aliyense amamutama kuti ndi mzati wa banja. Koma sadziwa kupuma, sadziwa kukana, ndipo mkazi wake amakhala wachiwiri nthawi zonse, pambuyo pa apongozi ndi alamu. Akadwala BP timati ndi ntchito.

Tsiku la chinkhoswe ndi limene limavundukula zonse. Akuchikazi amafunsa mafunso akale: kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, mfunda wanu ndi uti, malume anu ndi ati? Mnyamata amene anakulira m'tauni ndi mayi ake okha, amene kwawo kwa bambo ake sanapondeko, amangodziwa dzina limene lili pachiphaso. M'matauni mwathu muno anyamata ena amafika pobwereka malume kuntchito kapena kutchalitchi, kumuveka jekete kuti akaimire banja. Zimayenda tsikulo. Koma vuto likadzagwa m'banjamo, malume wobwereka sapezeka, ndipo akuchikazi akadziwa amaona ngati anapusitsidwa.

Pa ukwati wina umene ndinaitanidwa, bambo womubereka mkwatibwi, amene anasowa mwanayo ali ku nasale, anatulukira kutatsala masiku awiri, atavala suti yatsopano, akufuna kuti ndiye amuperekeze mwana wake kuguwa. Bambo omupeza, amene analipira fizi kuyambira Sitandade 1 mpaka kukoleji, anangoti, "Palibe vuto, magazi ndi awo," n'kukakhala mzere wachitatu. Mkwatibwi analira kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kutsogolo, anthu n'kumati ndi misozi ya chimwemwe. Maganizo anga pa nkhani yotere sabisika: dzanja la mwana ligwidwe ndi amene anamulera. Womubereka apatsidwe mpando wake waulemu, atchulidwe dzina, koma asakolole pamene sanalime. Ndipo inu ana, nkhani yotere muziithetsa miyezi isanakwane, musanasindikize makadi, osati usiku wophika thobwa.

Maliro nawo amavumbula zawo. Bambo akamwalira, ana a nyumba yoyamba amafika ngati alendo, osadziwa pokhala, ena n'kumafunsa kuti kodi awa ndi a kuti. Abale a mimba zosiyana amaonana koyamba pamanda, ndipo mawu awo oyamba amakhala a nyumba ndi galimoto. Dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 silisankha kuti uyu ndi wa mkazi woyamba, uyu wa wachiwiri, uyu wobadwira kunja. Onse ndi ana a malemu, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma khoti lingagawe nyumba, silingapange anthu osadziwana kukhala pachibale. Abambo inu, adziwitseni ana anu kuti adziwane mukadali moyo. Akulu akale ankaopanso china, kuti mwana wosadziwa abale ake angadzafunsire mlongo wake mbeta, ndipo m'matauni a masiku ano zimenezo si nthano.

Kenaka imabwera foni imene ana ambiri otere amaidziwa: "Bambo anu akudwala, akukufunani." Munthu amene sanagulepo ngakhale pensulo tsopano ali pamphasa, mkazi wachiwiri anamuthawa, ndipo achibale akukumbutsani kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndaona amuna akuluakulu, mabwana a m'maofesi, akusowa tulo ndi foni imeneyi. Akapita amamva ngati apereka mayi awo amene anavutika okha. Akapanda kupita amaopa kuti adzanong'oneza bondo maliro atachitika. Sindingakulamuleni pa ichi, ana anga, ndipo musalole munthu kukuopsezani ndi matemberero. Langizo langa n'lakuti pitani kamodzi, mukadzionere nokha, mukafunse mafunso amene mwakhala nawo kuyambira muli ana. Mwina akakupepesani, mwina akadzilungamitsa mpaka mapeto. Koma mukamva ndi makutu anu. Kumugulira mankhwala sikutanthauza kuti zimene anachita zinali zabwino, ndipo kukhululuka sikukukakamizani kumutengera kunyumba kwanu.

Wina asamve ngati ndikuti banja lisamathe zivute zitani. Amato yemwe uja ndi mnzake Alan Booth analemba mu 1997 kuti ana okulira m'nyumba ya nkhondo ya tsiku ndi tsiku amakhala bwino makolo awo akalekana kusiyana ndi akapitiriza kukhalira limodzi. Amene amasokonezeka kwambiri ndi ana a m'nyumba imene inkaoneka ya mtendere, n'kungodzuka tsiku lina banja latha. Choncho ngati m'nyumba muli zibakera ndi zikwanje, tulukani ndi ana anu, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 lili kumbali yanu. Mawu akuti banja ndi kupirira aika akazi ambiri m'manda. Koma ngati vuto ndi lakuti mwangotopana, kapena mwaona wina wowala kuntchito, khalani kaye pansi muganize kawiri, chifukwa mwana wanu sadzamvetsa chimene chinaphwanya nyumba imene iye ankaiona yabwinobwino, ndipo adzakula akukayikira mtendere uliwonse.

Zikakanika ndithu, muuzeni mwana. Mukhale naye pansi, ngati n'kotheka nonse awiri, mumuuze m'mawu a msinkhu wake kuti bambo ndi mayi sazikhalanso limodzi, kuti iye sanalakwe chilichonse, kuti azigona kuti, aziphunzira kuti, ndipo kholo linalo aziliona liti. Ana aang'ono amadziimba mlandu mwakachetechete. Amaganiza kuti bambo anachoka chifukwa cha mbale imene anaswa kapena mayeso amene analephera, ndipo ena amasunga maganizo amenewo mpaka atakula. Zimene mwalonjeza muzichita. Ndi bwino kunena kuti mudzabwera pa Khirisimasi n'kubweradi, kusiyana ndi kulonjeza Loweruka lililonse mwana n'kumakhala pamsewu atasamba, akudikira munthu wosabwera.

Kusamala mwana si chifundo chimene bambo amachita akakondwa. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mwana aliyense ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, mosayang'ana kuti anabadwa motani. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limalola kholo limene likulera mwana kukasuma kukhoti la majisitireti kuti linzake lizipereka thandizo. Amayi ambiri amaopa kuti anthu aziti akulimbana ndi mwamuna amene anawakana, ena amanyada kuti, "Ndilera ndekha, asadzanene kuti anandithandiza." Kunyadako n'kwanu, koma ndalamayo ndi ya mwana, ndipo mulibe ufulu woikana m'malo mwake. Chimodzimodzinso, bambo akalephera kupereka mwezi uno, musamutsekere chitseko kuti asaone mwana. Mukulanga anthu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo ndi wosalakwa. Nanunso ankhoswe anzanga, ntchito yathu isamathere pa tsiku logawa mbale. Tinalipo pomanga, tizipitanso kukaona ngati ana akudya ndi kupita kusukulu.

Kwa inu amene munakula kale m'nyumba zotere, adzukulu anga, si temberero ndipo si za m'magazi. Ndi zinthu zimene munaphunzira muli ana, ndipo chophunzira chimatheka kuchisintha. Musanalowe m'banja, muuzeni mnzanuyo mbiri yanu yonse, ndi zimene zimakuopsani, kuti tsiku limene mudzakhale chete kapena kulongedza chikwama adzadziwe kuti mukulimbana ndi chiyani. Pezani banja limodzi lokhazikika, kaya kumpingo kaya pachibale, muzipitako kukacheza, muone mmene anthu amakanganirana n'kugwirizananso. Ngati mumtima mukulemera mpaka kusowa tulo kapena kuthawira ku mowa, kalankhuleni ndi mlangizi kuchipatala kapena mtsogoleri wa chipembedzo amene amadziwa kusunga chinsinsi. Amuna inu makamaka, amene munauzidwa kuti mwamuna salira. Ndipo ngati agogo a mbali imene simuidziwa akadali moyo, kwerani basi mukawaone, mukadziwe mudzi ndi manda a kwanu. Sikupereka mayi anu kumeneko.

Mawu anga otsiriza apite kwa iwe mnyamata amene uli ndi mwana kwinakwake amene sunamuone chaka chino. Mwina unakwiya ndi mayi ake, mwina uli ndi manyazi chifukwa ulibe ndalama. Pita ndi zochepa zomwezo, ngakhale makope awiri ndi sopo, ukakhale naye masana onse, ukamufunse dzina la mphunzitsi wake. Ngati nambala ya mayi ake unaifufuta, mlongo wako ali nayo. Uyimbe sabata ino, teremu isanatsegulidwe.